Mawu akuti hypokrites asanakhale chitonzo

Munthu wa ku Athens, mzinda wa ku Girisi, wa m'zaka za m'ma 400 BC akadamva mnzake akutchedwa hypokrites, mawu a Chigiriki amene pambuyo pake adayamba kutanthauza wachiphamaso, sakadaganiza za chinyengo ayi. Dzinali linali la wochita zisudzo, ndipo lidachokera ku mneni wotanthauza kuyankha kapena kumasulira. Poyamba, pa chikondwerero cha mulungu Dionysus, m'bwalo munkaima gulu la oimba ndi ovina lokha. Mbiri imati Thespis, cha m'ma 534 BC, ndiye adayamba kupatuka pagululo n'kumaliyankha ngati munthu wa m'nthano, ndipo woyankhayo ndiye hypokrites. Mlembi wa masewero Aeschylus adawonjezera wosewera wachiwiri, mlembi wina Sophocles wachitatu, ndipo m'masewero achisoni chiwerengero chidathera pomwepo.

Popeza amuna atatu okhawo ndiwo ankasenza mbali zonse zolankhula, ngakhale za akazi, chigoba chophimba nkhope chinali chida chachikulu pantchitoyi. Munthu ankalowa m'kanyumba ka kuseri kwa bwalo, n'kuvula chigoba cha mfumu, n'kuvala cha kapolo wokalamba, kenaka n'kutulukanso ndi mawu ena pamaso pa khamu lokhala pamtsetse wa Acropolis, chitunda cha mumzindawo. Inali ntchito yaulemu, moti cha m'ma 449 BC adayamba kupereka mphoto kwa wosewera woposa anzake.

Komabe luso lovala nkhope ya wina silichedwa kusanduka chida chonyozera. M'chaka cha 330 BC, pamlandu wotchuka, wandale Demosthenes adapeputsa mdani wake Aeschines pomukumbutsa kuti kale anali wazisudzo, komanso wosewera wachitatu, wotola mbali zotsala. Pofika nthawi imene Uthenga Wabwino unkalembedwa m'Chigiriki, tanthauzo loipalo linali litazika mizu. Mu Mateyu 23 mawuwa amagwera alembi ndi Afarisi mobwerezabwereza, koma fungo la bwalo la zisudzo limamveka bwino m'chaputala 6, m'mene akunena za anthu oliza lipenga popereka zachifundo ndi opemphera pamphambano kuti aonekere. Mneni wa kuonekera umene uli m'vesi loyamba la chaputalachi uli ndi tsinde limodzi ndi theatron, malo oonera zisudzo.

Omasulira Baibulo m'Chichewa ena adasankha "onyenga", ena "achiphamaso". Kwa ine achiwiriwa adalasa pafupi, chifukwa munthu atha kunyenga mnzake mumdima, pamene wachiphamaso, monga hypokrites wa ku Athens, sayamba ntchito popanda maso a oonerera.