Meya wa m'mudzi wa ku France si nyakwawa

"Kodi meya wa kuno ndimuona bwanji kuti andikonzere mapepala?" Funso limeneli landikwana. Ntchito yanga ndi yothandiza anthu ochokera kunja pa zikalata za boma ku France, ndipo amene amalifunsa kwambiri ndi omwe akwatiwa kapena apeza ntchito m'midzi yakutali ndi Paris.

France ili ndi ma commune, kutanthauza midzi ndi matauni odziyendetsera okha, pafupifupi 35,000, ndipo pafupifupi theka lake anthu ake safika 500. Uliwonse, ngakhale kamudzi ka nyumba zowerengeka, uli ndi khonsolo ndi meya wake. Anthu amavotera makhansala zaka 6 zilizonse, makhansalawo n'kusankha meya pakati pawo. Mudzi wa anthu osakwana 100 umakhala ndi makhansala 7. Kawirikawiri meyayo amakhala mlimi kapena munthu wopuma pantchito. Udindowu suyendera magazi ngati wa nyakwawa, ndipo malo sagawa. Wogula malo amadzera kwa notaire, katswiri wa malamulo wotsimikizira zikalata.

Zake meya ndi kumangitsa maukwati, kulemba obadwa ndi omwalira, kusamalira manda, misewu ya m'mudzi ndi nyumba ya sukulu ya pulayimale. M'midzi yambiri amasainanso chilolezo chomangira nyumba. Zinyalala zinapita kumgwirizano wa midzi yoyandikana. Koma chiphaso chokhalira m'dziko, chimene eni ake amati titre de séjour, sichituluka ku mairie, ofesi ya meya. Chimachokera ku préfecture, ofesi ya préfet, mkulu wa chigawo woikidwa ndi boma. Meya alibe cholembera chake pamenepo.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandipwetekabe mtima. Dobadoba wina anawauza kuti ndi mnzake wa meya, anangofuna kangachepe kuti zonse ziyende. Mayiwo anapereka ndalama zimene anavutikira m'minda ya mphesa, n'kukhala phee kudikira. Akamuimbira foni, yankho linali lakuti meya watanganidwa. Mmene ankafika kwa ine, chiphaso chawo chinali chitatha kale, abwana awo atawaimitsa ntchito poopa mlandu, dobadoba uja atasintha nambala. Meyayo sankamudziwa n'komwe. Chowawa n'chakuti mapepala awo onse anali abwinobwino. Akanangopempha okha kutatsala miyezi iwiri kapena inayi kuti chiphaso chithe, bwenzi palibe vuto.

Ngakhale pa zimene zilidi za meya, kuzengereza kumapweteketsa. Mairie ya m'mudzi waung'ono imatha kutsegulidwa maola ochepa chabe pa sabata, chifukwa mlembi mmodzi amazungulira midzi ingapo. Mwana akabadwa, muli ndi masiku 5 oti alembetsedwe ku mairie ya komwe wabadwira. Mukaphonya, nkhaniyo yapita kukhoti, ndipo popanda chigamulo cha woweruza mwanayo alibe chikalata chobadwira. Ukwati nawonso sachita kudzukira. Chidziwitso chake chimayenera kukhomedwa pa mairie masiku 10, ndipo wansembe kapena m'busa saloledwa kudalitsa ukwati umene meya sanamange. Ena amayamba ndi kuitana abale ndi kulipira holo, zikalata zochokera kwawo zisanamasuliridwe n'komwe m'Chifalansa ndi womasulira wovomerezeka ndi khoti.

Kulembetsa mwana ndi kumangitsa ukwati ku mairie n'kwaulere. Wina akakuuzani kuti meya akufuna kenakake, pitani nokha mukafunse mlembi tsiku limene ofesi imatsegulidwa.