Lucie Rie ndi mbale zopyapyala za ku Albion Mews

Pamene Lucie Rie anafika ku London mu 1938, atathawa ku Vienna chifukwa chakuti anali Myuda ndipo ulamuliro wa Nazi unali utalanda dziko la Austria, anali kale woumba wodziwika kwawo. Anabadwa mu 1902, ndipo kuyambira mu 1922 anaphunzira kuumba pa sukulu ya zaluso ya ku Vienna yotchedwa Kunstgewerbeschule, kumene mphunzitsi wake anali Michael Powolny. Diso lake linakhwima poona ntchito za amisiri onga Josef Hoffmann, amene ankakonda zinthu zosachulukitsa zokongoletsa, komanso mbiya zakale zachiroma zimene amalume ake, Alexander Wolf, ankasunga ku Eisenstadt.

Ku England mbiri yonseyi sinawerengedwe. Pa nthawiyo mawu a Bernard Leach ndiwo ankalemera pakati pa oumba, ndipo iye ankalimbikitsa mbiya zochindikala zotengera mwambo wa ku Japan, Korea ndi kumidzi ya ku England. Ataona mbale za Rie anati n'zopyapyala kwambiri, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti mayiyu anagonja kwa kanthawi n'kuyamba kuumba zolemera zimene sizinali za mtima wake. Chakudya ankachipeza popanga mabatani adongo a zovala m'kanyumba kake ka ku Albion Mews, pafupi ndi Hyde Park.

Mu 1946 kunabwera Hans Coper, wothawa kwawo ku Germany, kudzafuna ntchito yopanga mabatani. Mnyamatayu, amene anagwira naye ntchito mpaka mu 1958, ndiye anamulimbitsa mtima kuti abwerere ku kaumbidwe kake ka ku Vienna. Rie ankapaka utoto wonyezimira pa dongo losawotcha n'kuliwotcha kamodzi kokha mu uvuni yamagetsi, pomwe ambiri ankawotcha kawiri, ndipo ataona mbiya zamakedzana zokhala ndi mizere ku Avebury, mudzi wa ku England, anayamba kulemba timizere tosaoneka patali pa mbale zake ndi singano yolukira. Ntchito zimenezi, za tsinde laling'ono ndi milomo yotambasuka, ndizo zinaonetsa kuti mbale yopepuka ya mumzinda siichepera mbiya yakumudzi. Leach naye anadzasintha maganizo, ndipo awiriwa anakhala mabwenzi.

Rie anaphunzitsa pa sukulu ya zaluso ya Camberwell ku London kuyambira mu 1960, anapatsidwa ulemu wapamwamba wa ku Britain wotchedwa Dame mu 1991, ndipo anamwalira mu 1995, patatha zaka zisanu matenda a sitiroko atamuletsa kuumba.