Kambalame ka mizere pamimba kamene kanabisala ku Hauturu

Nthawi zina mkangano womwaza poizoni wa makoswe pazilumba ukabuka ku New Zealand, anthu amatchula kambalame ka m'nyanja yamchere kotchedwa New Zealand storm petrel. Ena amati poizoniyo ndiye anakapulumutsa. Koma a Ngātiwai, fuko lina la Amaori, anadandaula pamene khoswe wa kiore ankachotsedwa pachilumba cha Hauturu mu 2004, poti kwa iwo ndi chuma chimene makolo anabwera nacho m'mabwato.

Kambalameka n'kotalika masentimita 18, kulemera kwake pafupifupi magalamu 35. Pamsana n'kakuda, pamwamba pa mchira pali chigamba choyera, ndipo kakamauluka miyendo imapitirira mchira. Chizindikiro chake chenicheni chili pamimba: ndi poyera, koma pali mizere yakuda yotsika kuchokera pachifuwa.

Mizere imeneyi ndiyo inasocheretsa akatswiri. Kwa zaka zambiri umboni unali zikopa zitatu zokha, ziwiri mwa izo zotoledwa mu 1827 ndi apaulendo a sitima ya Astrolabe n'kukasungidwa ku Paris. Katswiri wa mbalame Gregory Mathews anati ndi mtundu pawokha mu 1932, koma mu 1952 katswiri wina, Robert Cushman Murphy, anaziona ngati za mtundu wina wodziwika kale, Wilson's storm petrel, koma za maonekedwe achilendo chabe. Ndi zikopa zitatu, sitingamuimbe mlandu kwambiri Murphy. Komabe mawu ake anachititsa kuti anthu asiye kufunafuna.

Kanaonekanso mu Januwale 2003 pafupi ndi zilumba za Mercury, ndipo mu 2011 kuyeza kwa DNA kunatsimikiza kuti ndi mtundu pawokha, Fregetta maoriana.

Chovuta chinali kupeza chisa. Kambalameka kamatera pamtunda usiku wokha, kamaikira dzira limodzi, ndipo chisa chake ndi kamphako kakang'ono m'miyala kapena pansi pa zomera. Ofufuza ankathira mafuta ndi zinyenyeswa za nsomba pamadzi kuti timbalameti tibwere, n'kutiponyera ukonde ndi mfuti yapadera ali m'kabwato. Kalikonse ankakayang'ana pamimba: nthenga zikathothoka, ndiye kuti kakufungatira. Kusayang'ana zimenezi kumawonongetsa kachipangizo kolondolera kambalame, chifukwa kambalame kosafungatira kamangoyendayenda panyanja mpaka batire litatha. Tofungatirato anatimata kachipangizo ka wailesi kolemera galamu imodzi, ndipo mu Febuluwale 2013 chizindikiro chinawatsogolera m'chigwa cha nkhalango pa Hauturu, m'nyanja ya Hauraki Gulf.

Akatswiri sanagwirizanebe za mmene kanapulumukira pachilumba chimene chinali ndi amphaka mpaka 1980 ndi makoswe mpaka 2004. Mwina m'maphompho mmene kiore sankafika. Kudandaula kwa a Ngātiwai n'komveka, koma dzira limodzi pachaka silikanatha kulimbana ndi khoswe, ndipo mpaka lero zisa zonse zodziwika zili pachilumba chimodzichi.