Alimi angongole a ku Massachusetts ndi boma lopanda thumba

Nkhondo yomenyera ufulu wa America itatha mu 1783, amalonda a ku Britain anasiya kukongoza katundu anzawo a ku Boston, mzinda waukulu wa chigawo cha Massachusetts. Ankafuna golide kapena siliva pompopompo. A ku Boston anapanikiza eni masitolo akumidzi, iwonso n'kupanikiza alimi, anthu ozolowera kulipira ndi chimanga, ng'ombe kapena ganyu. Boma la Massachusetts, pansi pa bwanamkubwa James Bowdoin, linakwezanso msonkho kuti libweze ngongole za nkhondo, ndipo linkafuna ndalama zachitsulo zomwezo. Wolephera ankamukokera kukhoti, munda ndi ziweto n'kugulitsidwa motchipa, ena n'kuponyedwa m'ndende.

Madandaulo olembedwa atapita pachabe, pa 29 Ogasiti 1786 amuna onyamula mfuti anazinga khoti la ku Northampton. Nzeru yake inali yapafupi: oweruza akapanda kukhala pansi, palibe wosayina zolanda munda. Makhoti a ku Worcester, Concord ndi Great Barrington anatsekedwanso chimodzimodzi. Mmodzi wa atsogoleri anali Daniel Shays, kaputeni amene anamenya nawo nkhondo ku Bunker Hill ndi ku Saratoga.

Apa m'pamene boma lalikulu la America linaonekera ng'amba. Pangano lolumikiza zigawo 13, Articles of Confederation, silinalole Congress, nyumba ya malamulo ya zigawo zonse, kudula msonkho. Inkangopempha. Mu Okutobala inavomereza kulemba asilikali 1,340, ikunamizira kuti ndi okalondera malire, ndipo inapempha madola 530,000. Inapereka ndi Virginia yokha. Bowdoin anachita kusonkhetsa amalonda a ku Boston kuti alipire gulu la General Benjamin Lincoln, kutanthauza kuti okongoza ndalama analemba okha asilikali okathamangitsa owakongola.

Pa 25 Januwale 1787 Shays ndi gulu lake analunjika ku nkhokwe ya zida za boma lalikulu ku Springfield. Mnzake Luke Day amayenera kudzera mbali ina ndi gulu lake, koma kalata yake yoti Shays adikire tsiku limodzi inagwidwa panjira, choncho Shays anafika mbali ya Day ili yopanda anthu. Mizinga ya William Shepard, mkulu wa asilikali olondera nkhokweyo, inapha anayi, otsala n'kubalalika. Lincoln anayenda usiku wonse m'chipale chofewa n'kuwadzidzimutsa ku Petersham pa 4 Febuluwale.

Mu Meyi nthumwi za zigawo zinakumana ku Philadelphia n'kulemba malamulo atsopano oyendetsera dziko, George Washington ali pampando. Malamulo atsopano anapatsa Congress mphamvu yodula msonkho ndi yoitana asilikali a m'zigawo kukathetsa kuukira. Analetsanso zigawo kusindikiza ndalama zapepala kapena kufewetsa mapangano a ngongole, zinthu zomwe alimi aja ankapempha. Chomwe chinawapepukitsa ndi chisankho cha chaka chomwecho, pamene Bowdoin anagwa, John Hancock n'kubwerera pampando, msonkho n'kutsika. Shays anakhululukidwa mu 1788.