Mmene Bill Evans Analizira "Some Other Time"

Ophunzira anga a limba akayamba kumvetsera nyimbo za jazi, ambiri amandifunsa funso limodzimodzi: ngati nyimboyo inapekedwa kale ndi munthu wina, ndipo chuni chake n'chodziwika, nanga woliza limbayo wawonjezerapo chiyani choti tizimutama nacho? Funsoli ndi lanzeru, ndipo ine ndimaliyankha powakhazika pansi kuti timvetsere limodzi nyimbo yotchedwa "Some Other Time", monga anailizira woliza limba wa jazi Bill Evans Lamlungu pa 25 Juni 1961 ku Village Vanguard, malo a zoimbaimba omwe ali m'chipinda cha pansi mumzinda wa New York. Nyimboyi ikupezeka mu chimbale cha Waltz for Debby.

Munthu sangamve chimene woliza jazi wachita ndi nyimbo ya m'sewero ngati sakudziwa kumene nyimboyo inachokera. Iyi ndi ya m'sewero loimba la On the Town, limene linayamba kuonetsedwa ku Broadway, dera la nyumba za zisudzo ku New York, mu Disembala 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Chuni chake anapeka ndi Leonard Bernstein, ndipo mawu analemba ndi Betty Comden ndi Adolph Green. Seweroli limanena za asilikali atatu a pamadzi amene apatsidwa maola 24 okha kuti atsike m'chombo chawo akaone New York. Chakumapeto, awiri mwa iwo pamodzi ndi atsikana amene akondana nawo tsiku lomwelo amazindikira kuti nthawi yawathera zambiri asanachite, ndipo amadzitonthoza kuti adzazichita tsiku lina. Aliyense woonera seweroli m'chaka chimenecho ankadziwa kuti mnyamata wobwerera kunkhondo alibe mphamvu yolonjeza tsiku lina. Kukoma kwa nyimboyi kwagona pamenepa: mawu ake ndi opepuka, koma mtima wake ndi wolemedwa. Ine ndimadandaula kuti pamene seweroli analisandutsa kanema mu 1949, nyimbo imeneyi anaisiya.

Evans analibe mawu oti aimbe, choncho anayenera kupeza kulemedwa kumeneku m'makodi (kodi ndi mawu angapo olizidwa nthawi imodzi) ndi m'kagawidwe ka nthawi. Tamverani chiyambi chake. Chiyambichi chakhazikika pa makodi awiri amene amasinthana pang'onopang'ono ngati munthu akululuza mwana kumbuyo. Amene anaimbapo kwaya azimva mosavuta. Nyimbo ili mu kiyi ya C, ndipo pansi pake pakuyenda "do" ndi "so", kubwerezabwereza. Nthawi zambiri kodi ya "so" imakhala ndi "ti" mkati mwake, ndipo "ti" ameneyo ndi amene amakoka khutu kuti libwerere kwawo ku "do"; ndi chifukwa chake kwaya ikafika pa kodi imeneyi mpingo wonse umadziwa kuti mzere watsala pang'ono kutha. Apa "ti" palibe. M'malo mwake mwatsalira "do", kotero kuti kodi ya "so" siikankhira kutsogolo, imangolendewera. Kodi ya "do" nayonso yapatsidwa "ti" pamwamba, ndiye siimveka ngati pofikira penipeni. Mapeto ake nyimbo imayenda koma osachoka pamalo, monga amachitira anthu otsanzikana pakhomo amene anena kale kuti tapita koma miyendo ikukana.

Makodi awiriwa Evans anali atakhala nawo kwa zaka. Mu Disembala 1958, pojambula chimbale cha Everybody Digs Bill Evans, anayamba kuliza chiyambi cha nyimbo yomweyi yekha, ndipo m'malo molowa m'chuni cha Bernstein anapitiriza ndi dzanja lamanzere pa makodi awiri aja, dzanja lamanja likupeka zatsopano pomwepo. Zimenezo ndizo zinabala nyimbo yotchedwa "Peace Piece". Makodi omwewo mudzawamvanso, atasinthidwa pang'ono, kumayambiriro kwa "Flamenco Sketches" mu chimbale cha woliza lipenga Miles Davis cha Kind of Blue cha mu 1959, momwe Evans analizamo limba.

Tsopano mvetserani dzanja lamanja, chifukwa luso lenileni labisala pamenepo. Oliza jazi ambiri akamaliza kunena chuni kamodzi amachisiya n'kuthamangitsa zala kuti aonetse zimene angathe. Evans sakuchita zimenezo pano. Amakhala pafupi ndi chuni cha Bernstein, moti munthu wodziwa mawu angathe kumaimba chamumtima. Chimene amasintha ndi nthawi yolowera: mzere wina amauchedwetsa pang'ono kumbuyo kwa kugunda kwa nyimbo, wina amaufupikitsa, ndipo pakati pa mizere amasiya mpata wopumira monga amachitira woimba ndi pakamwa. Kachiwiri, tamverani kulemera kwa zala. Akagunda makiyi anayi kapena asanu nthawi imodzi, samveka mofanana onse. Chala chakunja cha dzanja lamanja chimalemera kuposa zinzake kuti chuni chiwale pamwamba, pamene mawu a mkati amayenda motsitsa ngati alto ndi tena oleredwa bwino. Ndikamaphunzitsa zimenezi ndimagwira dzanja la wophunzira n'kulipendeketsa pang'ono chakunja, ndipo zimatenga miyezi kuti chala chaching'onocho chiphunzire kulankhula mokweza zinzake zikunong'ona. Nyimbo ikafika chigawo cha pakati imasamukira ku kiyi ya A flat, ndipo kuwala kumasintha ngati munthu watsegula zenera la chipinda china. Evans salengeza kusamukako ndi phokoso, amangolowamo, kenako n'kubwerera ku makodi awiri aja.

Tsikulo sanali yekha. Scott LaFaro ankaliza besi yaikulu yoimika pansi, ndipo Paul Motian anali pa ng'oma. Gulu limeneli limakumbukiridwa chifukwa besi sinkangowerengera limba nthawi monga zinali kwa ambiri, koma inkayankhana nalo. Popeza mawu a pansi anali m'manja mwa LaFaro, Evans nthawi zambiri ankawasiya m'makodi ake, dzanja lamanzere n'kumasuka kugwira mawu okometsera okhaokha chapakati pa limba. Motian naye ankasesa ng'oma ndi maburashi mwakachetechete, moti m'chojambulacho mumamveka kugundana kwa matambula ndi anthu ena akucheza kumatebulo awo. Ena zimawanyansa, koma ine ndimazikonda, chifukwa zimandikumbutsa kuti zonsezi zinachitika kamodzi, pamaso pa anthu amene ena mwa iwo sankamvetsera n'komwe.

Pa 6 Julayi 1961 LaFaro anamwalira pa ngozi ya galimoto ali ndi zaka 25, ndipo Evans anakhala miyezi ingapo osaliza pagulu. N'kovuta kumva nyimbo yotsanzikana imeneyi osaganizira za imfayo, komabe ndimawachenjeza ophunzira anga kuti asaike maliro m'nyimbo imene inalizidwa ndi anyamata atatu osadziwa za mawa. Chisoni chimene mukumvamo chinachokera kwa Bernstein, ndipo Evans anachitulutsa ndi zala zake. Kuti mutsimikize, pezani chimbale chimene Evans anajambula ndi woimba Tony Bennett mu 1975, momwe nyimbo yomweyi ili ndi mawu ake, limba lokha likuperekeza. Imvereni kawiri mpaka mudziwe pamene Bennett akupumira, kenako mubwerere ku chojambula cha mu 1961 ndi kuyesa kupuma pamodzi ndi dzanja lamanja la Evans.