"Anandidula kale" si yankho pa nkhani ya msonkho

Anthu ambiri obwera ku ofesi kwanga kuno ku Mulanje amayamba ndi mawu amodzimodzi: "Achimwene, inetu msonkho ndimapereka, amandidula kale asanandilipire." Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndawamva kwa amakanika okonza mapampu ndi mathirakitala m'maesiteti a tiyi, kwa atsikana amene mabungwe amawatenga kuti achite kafukufuku m'midzi, kwa ojambula zithunzi pa misonkhano, ngakhale kwa aphunzitsi opuma amene tsopano amaphunzitsa magulu a alimi ku Luchenza ndi ku Limbuli. Onsewa akudzigwirira ntchito paokha, koma maganizo awo akadali a munthu wolembedwa.

Mukakhala pa ntchito yolembedwa, abwana ndiwo amadula msonkho wa pa malipiro wotchedwa PAYE mwezi ndi mwezi n'kukapereka ku MRA, bungwe lotolera misonkho, inu osadziwa n'komwe kumene khomo la likulu lake, Msonkho House, linaloza. Tsiku limene mwayamba kulemba invoisi m'dzina lanu, udindo wonsewo wagwera pamutu panu. Chimene kampani imadula pokulipirani ndi withholding tax, ndipo si msonkho wanu wonse wa chaka ayi. Tinene kuti mwagwira ntchito ya ukatswiri ya K500,000, adula 20 peresenti, mwalandira K400,000. K100,000 ija ndi yanu ndithu, yangotsogola ku MRA ngati chikole. Chaka chikatha mumawerengera zonse zimene munapeza, kuchotsapo zimene munawononga pogwira ntchitoyo, ndipo msonkho umawerengedwa pa phindu lotsalalo. Chikole chija chikachepa mumawonjezera. Chikapitirira, muli ndi ufulu wopempha kuti chotsalacho akubwezereni kapena achiwerengere kutsogolo.

Koma ndalama imeneyo itsogola m'dzina la ndani ngati mulibe TPIN, nambala ya wokhoma msonkho imene MRA imapereka? Ndipo mudzasonyeza chiyani ngati simunatenge setifiketi yosonyeza kuti anakudulani?

Pali bambo wina amene nkhani yake imandiwawabe. Anali mmisiri wa magetsi pa fakitale ina ya tiyi, munthu wa manja abwino, woti mota ikapsa usiku anthu ankakamudzutsa. Atasiya ntchito, anagula zida zake nayamba kugwira maganyu akuluakulu m'maesiteti, m'masukulu ndi m'malo ogona alendo cha ku Likhubula. Zaka zingapo ankadulidwa ndithu pa malipiro alionse. Sanalembetse, sanapemphe setifiketi ndi imodzi yomwe, ndipo malisiti a mawaya, mafuta a njinga yamoto ndi malipiro a anyamata ake ankangowaponya mu jumbo. Madzi a namondwe Freddy mu Marichi 2023 atalowa m'nyumba, jumbo ija inasanduka phala. Kenako kunatuluka ntchito yaikulu, yoti ikanamuimika pa miyendo iwiri, koma eni ntchito anafuna TPIN ndi tax clearance, chikalata cha MRA chosonyeza kuti nkhani zake za msonkho zili bwino. Nthawi inali itamuthera. M'malo mopita yekha ku ofesi ya MRA, anamvera mnzake amene anamulozera kwa dobadoba wina wa ku Limbe. Dobadobayo anatenga ndalama, patapita masiku awiri anabweretsa pepala looneka bwino, la chidindo ndi siginecha. Eni ntchito atafufuza nambala ya pa pepalalo, anapeza kuti ndi ya munthu wina. Ntchito inapita, ndipo mbiri yoti anabweretsa chikalata chabodza inamutsogolera m'maofesi ena amene ankamudalira kale.

Pamene ankafika kwa ine anali atanyamula kope la pulayimale, mmene analembamo ndi bolopeni masiku ndi ndalama zimene ankakumbukira. Tinalemba makalata kwa amene anawagwirira ntchito, kupempha masetifiketi akale. Ena anayankha. Kwina akalaliki anali atasintha, kwina bungwe linali litatseka pulojekiti n'kuchoka m'boma lino. Chimene chimandipweteka n'chakuti, poona mmene ankawonongera pa zipangizo, bamboyu mwina analibe ngongole yaikulu ya msonkho. Zimene anamudula zikanatha kukwanira. Anataya ndalama zake ndi dzina lake pothawa chinthu chimene sichikanamuluma.

Tsono za madobadoba ndinene mosabisa. Kulembetsa TPIN n'kwaulere. Munthu akakuuzani kuti mumupatse ndalama "ya bwana wamkati" kuti nambala ituluke msanga, kapena kuti atha kukufafanizirani ngongole mu kompyuta, ameneyo akukuberani, ndipo mlandu wa pepala labodza udzagwira inu amene mwalipereka, iye ali phee kwawo. Msonkho umalipiridwa kubanki kapena kudzera m'njira zimene MRA yomwe inakhazikitsa, ndipo pamatuluka umboni wa dzina lanu ndi nambala yanu. Superekedwa m'manja mwa munthu pansi pa mtengo, sutumizidwanso pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu wamba. Ngati mukufuna wokuthandizani kulemba mabuku, funsani ngati ali membala wa ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'dziko muno, ndipo mawu achinsinsi a akaunti yanu ya pa intaneti ya MRA, yotchedwa Msonkho Online, asakhale kwa iye yekha. Ndaona anthu atatsekeredwa kunja kwa akaunti yawo chifukwa mnyamata wa pa kefe ya intaneti amene anawalembetsa anapita ku Joni ndi foni yake.

Zolembetsazo sizifuna kuti ndichulukitse gaga m'diwa. Chitupa cha unzika muli nacho. Ngati mukufuna kugwira ntchito ndi dzina la bizinesi, dzinalo limalembetsedwa kwa Registrar General. Chiphaso cha ku khonsolo ndi china, ndipo chonde lekani kundionetsa tikiti ya mumsika wa pa Chitakale ngati umboni woti munakhoma msonkho wa boma. Ya khonsolo ndi ya khonsolo, ya MRA ndi ya MRA.

Chovuta chili pambuyo polembetsa, chifukwa ambiri akalandira nambala amakaisunga mu sutikesi n'kuiwala. TPIN ikatuluka, MRA imayembekezera kumva kwa inu. Pali provisional tax, yolipira pa miyezi itatu iliyonse molingana ndi mmene mukuonera kuti chaka chiyendera, ndipo pali fomu ya pachaka yofotokoza zonse zimene mwapeza, imene iyenera kufika pasanathe masiku 180 chaka chanu cha mabuku chitatha. Ngakhale chaka chimene ntchito inasowa, lembani kuti simunapeze kanthu. Kukhala chete sikuwerengedwa ngati kusowa phindu, ndipo kuchedwa kumabala chindapusa ndi chiwongola dzanja. Pofunsa za mtundu wa msonkho umene mugweramo, fotokozani bwinobwino ntchito yanu, pakuti wa golosale yaing'ono ndi wolandira malipiro a ukatswiri sayendera malamulo ofanana. Musadalirenso maperesenti amene mlamu wanu anamva zaka zitatu zapitazo, chifukwa bajeti ya boma imasintha ziwerengero kawirikawiri.

Inu achinyamata amene mukulembera kapena kujambulira makasitomala a ku Johannesburg ndi ku London muli pa laputopu ku Thyolo Boma, musaganize kuti poti palibe amene wakudulani ndiye kuti nkhaniyi sikukukhudzani. Kwa inu n'kofunika kwambiri kupita kukafunsa msanga, mutanyamula sitetimenti ya kubanki, popeza kulibe chikole chilichonse chimene chatsogola. Pa ndalama iliyonse yolowa patulani gawo, muike mu akaunti ina imene simugulira ndiwo kapena kusonkhera maliro.

Ndipo pa setifiketi ija ndibwerezenso. Pemphani tsiku lomwelo limene akukulipirani, akauntanti akadali pa mpando womwewo. Onani ngati dzina ndi TPIN zalembedwa molondola, chifukwa nambala imodzi ikalakwika ndalama yanu ikakhala m'dzina la wina. Ijambuleni pa foni, muitumize ku imelo yanu, kenako pepala lenilenilo mulisunge mu fayilo ya pulasitiki pamalo okwera. Chitani chimodzimodzi ndi lisiti lililonse la mafuta, mayunitsi, zipangizo ndi lendi ya shopu, ndipo mnyamata aliyense amene mwamulipira ganyu asaine m'kope.