Ayisi angagumule bwanji phiri poti ndi wofewa kuposa mwala?

Chaka chilichonse ndikafika pa nkhani ya ma glacier mkalasi ya jogalafe sipalephera kupezeka mwana wofunsa kuti aphunzitsi, ayisi yemweyu wa mufiriji angaswe bwanji thanthwe? Ndipo mwanayo amakhala sakulakwa ayi, mutatenga ayisi nkumakhutiza pamwala amene angathe ndi ayisiyo, mwalawo uli phee.

Glacier ndi sinowu amene wakhala akugwa pamwamba pa phiri zaka zambirimbiri osasungunuka yense, wa chaka chino kupsinja wa chaka chatha mpaka wapansiyo amagwirana nkusanduka ayisi wolimba, ndiye akakhuthala kwambiri kulemera kwake komweko kumayamba kumukokera kumunsi. Glacier wa Aletsch wa ku Switzerland ndi wautali makilomita pafupifupi 20 ndipo pena ndi wokhuthala mamita pafupifupi 800. Chimenecho sichinthu chamasewera.

Koma ntchito yeniyeni amagwira ndi miyala. Madzi amalowa m'ming'alu ya thanthwe nkuundana, ndipo akaundana amafufuma ndi 9 peresenti (amene munaiwalapo botolo lodzadza mufiriji mukudziwa zimene zimachitika), thanthwe lija limang'aluka, ayisi nkumata pa chibenthucho nkuchizula ngati dzino. Zibenthu zimenezo zimakanirira kunsi kwa glacier ndipo iye akamayenda zimapala thanthwe la pansi. Ndi mphero basi, miyala ndiye mwana wa mphero, ayisi ndi mkono chabe wokankha, kungoti mkono wake ndi wolemera zoopsa komanso sutopa. Mpaka ufa umatuluka! Ufa wa miyala umenewu ndi umene umapangitsa madzi a Lake Louise ku Canada kuoneka obiriwira modabwitsa muja, anthu nkumaganiza kuti zithunzi zake ndi zokonza pa foni.

Chigwa chimanena chokha amene anachikumba. Mtsinje umadula pansi pokha pamene madzi akudutsa ndiye chigwa chake chimakhala ngati V. Glacier amadzadza chigwa chonse uku ndi uku, amapala pansi ndi m'mbali momwe nthawi imodzi, ndiye akasungunuka amasiya chigwa cha U, pansi potakasuka, makoma ali chilili. Yosemite ku California ndi Lauterbrunnen ku Switzerland ndi choncho. Ndipo chimene chimandisangalatsa ine ndi mathithi ake: glacier wamkulu amakumba mozama kuposa ang'onoang'ono olowa m'mbali, ndiye ayisi akatha tizigwa tam'mbalito timatsala m'mwamba, madzi ake nkumagwa kuchokera pakhoma. Mathithi a Bridalveil ku Yosemite amagwa mamita pafupifupi 190 pa chifukwa chimenechi.

Chinanso, mtsinje ukafika pa mulingo wa nyanja yamchere mphamvu zokumba zimatha, koma glacier amapitiriza kukumba pansi pa mulingowo. Sognefjord ku Norway ndi chigwa chotero chimene nyanja inadzalowamo, makilomita opitirira 200 kutalika, kuya kwake pena kupitirira mamita 1,300.

Nanga nsonga zosongoka zija? Ma glacier angapo akamadya phiri limodzi mbali zosiyanasiyana pakati pamatsala chinthu chonga nyanga. Matterhorn, phiri la m'malire a Switzerland ndi Italy lotalika mamita 4,478, ndi chotsala chimenecho.

Katswiri wa sayansi Louis Agassiz atanena mu 1837 ku Neuchâtel, mzinda wa ku Switzerland, kuti ayisi anakutapo dera lalikulu la Ulaya akatswiri anzake ambiri anamutsutsa, umboni wake unali miyala ikuluikulu yopezeka kutali ndi kumene inachokera komanso mizere yokandika pa matanthwe. Mizere yomweyo ilipo ku Nooitgedacht pafupi ndi Kimberley ku South Africa, inakandidwa zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo pamene kummwera kwa Africa kunali pansi pa ayisi. Ndikawauza ana zimenezi amandiyang'ana ngati ndikuwanamiza, makamaka tikamaphunzira mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo.